Masewera Amene Sanafike m'Manja mwa Ana

Ife amene tinakula tikumenya mpira wa nsanza timazizwa ndi nkhani ya Gizmondo. Kameneka kanali kamakina ka masewera kogwira m'manja, kamene kanayamba kugulitsidwa ku London mu Marichi 2005. Kanali ndi kamera ndiponso GPS, cipangizo codziwitsa malo pamene munthu waima.

Pakati pa masewera amene anali kukonzedwa panali ena ochedwa Colors. Wosewera anayenera kulowa gulu la zigawenga, kuombera adani ndi kuwalanda madera. Cacilendo cinali cakuti, mwa mphamvu ya GPS, malo enieni kumene wosewerayo ali ndiwo akanakhala omenyanirana.

Colors sanatuluke. Makina ogulidwa sanakwane 25,000, ndipo kuciyambi kwa 2006 kampani ya Gizmondo Europe inagwa ndi ngongole. Kunamvekanso kuti mmodzi wa akuluakulu ake, Stefan Eriksson, anakhalapo m'ndende ku Sweden. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Sitikunena kuti masewera otere amasandutsa mwana cigawenga. Cimene cikutivuta ndi cakuti njira imene timamtuma kukagula mcere aione ngati bwalo la nkhondo, ndipo mwana wa m'komboni ina amuone ngati mdani. Tisaiwale kuti cimene cinapha Colors ndi ngongole, osati kukana kwa makolo. Lero GPS ili m'mafoni amene tagulira ana athu ndi ndalama zathu. Tiyeni tikhale nawo pansi, atisonyeze zimene amasewera, tiwafunse amene akuomberedwayo ndani.