Khomo Ndinatseka Ndine

Gulu lathu lolemba mapulogalamu a open source litakula, ndinaumirira kuti tisamukire ku Discord. "WhatsApp ndi yolengezera maliro ndi maukwati," ndinatero mwamatama. Tinasamukadi.

Patatha mwezi, mtsikana wa ku Mzimba amene ankamasulira pulogalamu yathu m'Chitumbuka anangoti zii. Nditamuimbira anati, "Achimwene, ine ndimakwanitsa bandulo ya WhatsApp yokha basi."

Anzanga, manyazi anandigwira. Tinkalalikira kuti pulogalamuyi ndi ya aliyense, chonsecho khomo ndinatseka ndine.

Pano timakambirananso pa WhatsApp. Lachisanu lililonse ndimakopera pa GitHub zomwe tagwirizana, kuti zisakwiririke m'macheza. Mtsikana uja anabwerera. Mawu omwe wamasulira amanditumizira pafoni, ine n'kuwalowetsa, dzina lake lili pompo.