Maluwa a pazenera ku Bembeke

Ambiri amadziwa Bembeke chifukwa cha kachewere ndi kabichi wa m'mbali mwa msewu wa M1. Basi ikaima amagula, n'kupitirira. Koma mukapatuka pa tala n'kukwera kumtunda, kumene wakabaza amakupemphani kuti mutsike kaye, mumapeza timidzi ta nyumba zowerengeka, ndipo m'mudzi wina umene ndimayendako pafupifupi zenera lililonse lili ndi maluwa.

Musaganize za miphika yokongola ya ku Dedza Pottery. Kuno duwa limadzalidwa m'chitini cha mkaka, m'chigubu cha mafuta ophikira chodula pakati, kapena mu ketulo yobooka imene mwini wake wailephera kuitaya. Ochuluka ndi majeraniyamu ofiira, aja masamba ake amasiya fungo lamphamvu m'zala ukawafikisa. Kwawo kwenikweni kwa maluwawa ndi ku South Africa, koma kuno sawafunsa dzina, ndi maluwa basi.

Ndinafunsa mayi wina chifukwa chake sawadzala pabwalo pamene malo alipo ambiri. Anaseka.

"Aphunzitsi, mbuzi simuziona? Tikangokolola zimamasulidwa. Pansi pano palibe chotsala."

Ndi zoona, chimene mbuzi yasiya nkhuku imafukula. Koma zenera lili ndi ubwino winanso. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julaye kuzizira kwake si kwamasewera. Khoma la njerwa limamwa dzuwa masana n'kumatulutsa kutenthako pang'onopang'ono usiku, choncho duwa lotsamira khoma limapulumuka pamene la kudambo lapsa ndi chisanu.

Nkhani yaikulu ndi madzi. Pofika Okutobala mvula imakhala italeka kalekale, mzere wa ndowa pa mjigo watalika, ndipo ndowa iliyonse imakwera phiri pamutu pa mayi kapena mtsikana. Pamenepo ndi pamene amuna ena amayamba kung'ung'udza kuti maluwa sadyedwa. Ine ndimawayang'ana anthu otere, ambiri mwa iwo sanatungepo ngakhale kapu imodzi. Amayiwo sataya madzi. Amathirira ndi otsukira masamba kapena mpunga, osati a sopo, ndipo jeraniyamu safuna ambiri: amasunga madzi mu tsinde, ukamuchulutsira amaola. N'chifukwa chake chitini chilichonse chimabooledwa kunsi ndi msomali.

Palibe amene amagula mbewu. Umathyola kanthambi, kukasiya kafote pang'ono pamthunzi, n'kukazika m'dothi losakaniza ndi mchenga. Nthambizi zimayenda ndi ubale. Mayi uja anandilozera zitini zake chimodzichimodzi: ili linachokera kwa apongozi, ili kwa mnzawo wa kwaya, ili anabwera nalo kuchokera ku maliro a achemwali awo ku Ntcheu. Lomalizali ndi limene amayamba kulithirira madzi akachepa.

Chondidandaulitsa ndi nyumba zatsopano. Anyamata obwera ndi ndalama kuchokera ku Joni akumanga zamalata owala, koma amisiri pofuna kupulumutsa simenti akumasiya zenera lopanda pokhazika kanthu, zitsulo zotchinga akuba zili phwatata ndi khoma. Pa nyumba ina yotere ndinaona mtengwa atakhomera thabwa pa misomali iwiri kunsi kwa zenera, lapendekeka, koma zitini zitatu zakhala.