Sutikesi ya ku Geneva

Wogwira ntchito m'boma akamva kuti dzina lake lili pamndandanda wa opita kumsonkhano wakunja, tulo timamuthawa chifukwa cha zovala. Zokayankhula kumsonkhanoko zimaganiziridwa pambuyo.

Mantha amenewa tidakula nawo. Tili ana tinkaona Dr Kamuzu Banda ali mu suti ya wesikoti, chipewa kumutu, litchowa kumanja. Lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa amayi athu kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi kwa zaka 20. Choncho m'mitu mwathu mudakhazikika zoti munthu akavala mosalongosoka kunja, wanyozetsa dziko lonse.

Nditasankhidwa kupita ku Geneva mwezi wa Novembala, anzanga muofesi adandilangiza kuti ndigule masuti atatu atsopano, ngakhale ndi ndalama zakatapila. Mmodzi wa iwo adachitapo zimenezo. Adabwerako ndi zithunzi zokongola zedi, koma adatha miyezi isanu akubweza ngongole, uku ana akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ine ndidayamba ndafunsa zinthu ziwiri: kulemera kwa katundu ndi nyengo. Tikiti yanga inkalola sutikesi ya makilogalamu 23. Novembala kwathu kuno dzuwa limaswa mtengo, pamene ku Geneva masana kawirikawiri kutentha sikupitirira madigiri 10. Suti yokha, ngakhale yodula chotani, singakuteteze ku chisanu chotero.

Ndidalongedza suti imodzi yabwino ya ubweya wankhosa, yabuluu woderako. Nsalu imeneyi sikhwinyata msanga, ndipo ukaipachika m'bafa muli nthunzi imawongoka yokha popanda simbi. Ndidaonjezera jekete yotuwa, mathalauza awiri, malaya asanu ndi mataye atatu, zonse zamitundu yogwirizana. Munthu ukasintha malaya ndi taye, anzako amayesa wasinthanso suti. Masokosi ndidawalowetsa m'nsapato zachikopa kuti zisaphwanyike.

Chikhothi cholemera ndidachipeza pakaunjika mumsika wa Lilongwe, n'kuchichapitsa bwinobwino. Ndidachinyamula pamkono pokwera ndege pa Kamuzu International Airport kuti chisadye makilogalamu. M'kachikwama kam'manja ndidaikamo malaya amodzi ndi zovala zam'kati, poti sutikesi imatha kutsalira pamene ukusintha ndege. Mafuta onunkhira ndidatenga kabotolo kosaposa mamililita 100, monga mwa lamulo limene lidayamba mu 2006.

Pamwamba pa zonsezi mayi a kunyumba adaikapo malaya achitenje, osokedwa ndi telala wathu wapakhonde la sitolo. Ndidawavala paphwando la madzulo a tsiku lachiwiri, m'chipinda chodzaza ndi masuti akuda okhaokha. Nthumwi zimene zidandidutsa masiku awiri osandiona zidayamba kubwera n'kumafunsa kumene ndimachokera. Macheza oyambira pa nsalu adafika pa ntchito imene boma lidanditumira, ndipo makadi a maadiresi amene ndidabwera nawo ambiri ndidalandira usiku umenewo.

Kuvala bwino paulendo wotere n'kofunika ndithu, pakuti wotumidwa amanyamula ulemu wa omutuma. Koma msonkhano umatha m'masiku asanu, pamene katapila amakuperekeza mpaka kukolola. Ine kaalawansi kamene kadatsala kadalipira fizi ya mwana wanga wachisamba, ndipo suti ija ikadapitabe kuntchito Lolemba lililonse.