Pakhonde la telala ku Ndirande

Ku msika wa Ndirande kumacha ndi mawu a oitanira minibasi za ku Limbe ndi m'tauni, kenako mawilibala a makala ndi mbatata amayamba kulira m'tinjira. Kuseri kwa ogulitsa kaunjika kuli khonde la telala wina wachikulire. Pansi pa makina ake osokera pamakhala bawo la mtengo, lakuda ndi thukuta la manja a anthu, ndipo pambali pake pali kachipinda ka malata komwe mnyamata wina amaseweretsa anthu magemu pa PlayStation.

Cha m'ma 7 koloko pamadutsa wophunzira wa ku MUBAS, sukulu yomwe mpaka 2021 inkatchedwa Polytechnic, ngakhale kuno aliyense akuitchabe Poly. Amachita lendi chipinda ku Ndirande konkuno chifukwa malo ogona pasukulupo sakwanira onse, ndipo amayenda wapansi kudzera ku Makata mpaka ku Ginnery Corner. M'mawa sakhala pansi. Amangoima, kupereka moni, n'kusuzumira pansi pa makina.

"Mwadzuka bwanji madala? Madzulo ndikubwera, musathawe."

"Pitani mukaphunzire kaye, a injiniya. Nkhomo sizithawa."

Dzuwa likakwera khonde limakhala la ntchito. Amayi amabweretsa mayunifolomu ong'ambika, wa kabaza amadikira zipi ya thalauza, makina akungolira.

Kachipinda ka magemu kamadzaza ana akaweruka kusukulu. Muli mawayilesi akanema awiri, benchi imodzi ndi fungo la chipisi cha pachiwaya chapafupi. Onse amati akusewera FIFA, ngakhale kuti kuyambira 2023 kampani yake inasintha dzina la gemuyo kukhala EA Sports FC. Amakanganirana Real Madrid ndi Manchester City, ndipo amene Loweruka amakaimbira Bullets kapena Wanderers pa Kamuzu Stadium amakhala ndi mtima womwewo pa benchiyo. Woluza amapereka padi kwa wotsatira. Wophunzira uja akabwera masana, chikwama chikadali kumsana, ana amamupatsa malo okha, chifukwa ndi iye amene anawakonzera padi yomwe batani lake linkakakamira, ndi sikuludiraiva yaing'ono yomwe amayenda nayo m'thumba la zolembera.

Magetsi akazima, kachipindako kamakhuthuka nthawi yomweyo. Apa m'pamene dirafti imatuluka: katoni yojambulidwa mabokosi ndi bolopeni, zitsekerero za mabotolo a Fanta, ena zawo zoyang'ana kumwamba, ena zovundikira. Wofikitsa chitsekerero kumapeto amachisanjikiza china pamwamba n'kufuula kuti kingi, mpaka wogulitsa tomato kutembenuka.

Koma ine chimene ndimakonda kuonerera ndi cha m'ma 4 koloko, telala akavundikira makina ndi chitenje n'kukoka bawo. Maenje ndi 32, mizere inayi, uliwonse wa maenje asanu ndi atatu, ndipo nkhomo ndi 64. Masewera omwewa amaseweredwa ku Zanzibar ndi m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Tanzania ndi Kenya, komwe amati bao. Poyamba nkhomo zambiri zimakhala m'manja, ndipo munthu amaponya imodzi pa ulendo uliwonse. Zikatha za m'manja m'pamene mutu umagwira ntchito zenizeni, chifukwa kunyamula dzenje limodzi kumatha kuzungulira mizere yako kangapo, kudya za mnzako, kupitirira, kudyanso, usanagone.

Wophunzirayo amawerenga milomo ikugwedera, chala chili m'mwamba kuloza dzenje ndi dzenje osakhudza. Madala sawerenga mooneka. Amayang'ana kumsewu, kuyankha moni wa wodutsa, kenako dzanja limatsika n'kuyamba kufesa, nkhomo zikugwa khokhokho, mzere wakutsogolo wa mnyamatayo n'kuyera. Ozungulira amayamba kulangiza onse nthawi imodzi: wogulitsa nyama, mlonda amene akudikira kulowa ntchito usiku, wa kabaza uja thalauza lake lili paphewa.

"Takata apo, aise!"

"Musiyeni mwana aganize yekha," amatero madala.

Pali makolo amene akanamuona pamenepa akanadandaula kuti fizi ikupita pachabe. Ine sindiona choncho. Mnyamata amene tsiku lonse wakhala ndi masamu a m'kalasi, kenako n'kukhala pa chidebe chovundikira kufuna kumvetsa mmene munthu wosafika ku sekondale amaonera maulendo atatu patsogolo, ameneyo akuphunzirabe. Ali ndi kabuku komwe amajambulamo mmene nkhomo zinalili pomwe anadyedwa, ndipo akuti akufuna kulemba pulogalamu ya bawo ya pafoni yotsata malamulo a kuno. Mu foni yake muli chess, amasewera ndi anthu a kutali pa intaneti bandulo ikakhalapo, koma anthu amenewo samufunsa ngati wadya.

Mdima ukagwa magetsi amabwera, ana amathamangira kukachipinda kuja, ndipo ku bala yapafupi mipira ya pool imayamba kugundana. Utsi wa kanyenya umadzaza njira. Tsiku lina mnyamatayo anapambana gemu imodzi mwa zinayi, ndipo madala anamuuza kuti ayibwereze pa bolodi kuyambira pomwe nkhomo za m'manja zinathera, kuti aone ngati anadziwa chimene anachita. Anafika pakati n'kusokonezeka.

"Mawa muli ndi mayeso?"

"Lachinayi, madala."

"Ndiye musabwere mpaka Lachisanu. Mukabwere ndi kabuku kanuko, tidzayambira pa dzenje lomwe mwasocherali."