Galu wa pa Thabwa ndi mimbulu ya ku Majete

Pa tchuthi chapitachi tidatengana ine, mayi a kunyumba ndi ana athu awiri ulendo wa ku Majete m'boma la Chikwawa. Kuchokera ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70, msewu wokhotakhota wotsika phiri, ndipo ukamafika pa Thabwa thukuta limakhala layamba kale.

Pa Thabwapo tidaima kuti tigule zakumwa. Kudabwera galu wowonda, nthiti zikuchita kuwerengeka, ndipo chitsirizira wathu adathamanga kuti akamusisite. Mayi ake adamugwira mkono msangamsanga. Nditafunsa mwini galuyo, anyamata ogulitsa malonda adangoti, "Ndi wa pompano, bwana." Ndiye kuti alibe mwini, ndipo za katemera musafunse n'komwe.

Titawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu tidalunjika ku Majete. Makolo anzanga, nkhalango iyi idaatheratu. M'zaka za m'ma 1990 munalibe njovu ngakhale imodzi, opha nyama mozembera adamaliza zonse. Mu 2003 boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks, ndipo nyama zidayamba kubwerera: zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Ife tidaona njovu zikumwa madzi m'mbali mwa Shire, ana kukamwa yasa!

Koma chomwe ndinkafunitsitsa ndi mimbulu, agalu a m'tchire a mawangamawanga ndi makutu aakulu aja. Mu 2021 adabweretsa mimbulu 14 kuchokera ku South Africa ndi Mozambique, ina ku Liwonde, ina ku Majete kuno. Tsiku lonse sitidaione, paja imayenda mtunda wautali. Wotiperekeza adatiuza kuti kupatula misampha ya waya, mdani wamkulu wa mimbulu ndi chiwewe chochokera kwa agalu a m'midzi. Nyamazi zimakhala pagulu, kunyambitana ndi kugawana chakudya, choncho imodzi ikadwala gulu lonse lingathe kupita.

Apa mpomwe ndidakumbukira galu wa pa Thabwa uja. Kodi agalu oterewa amachokera kuti? Kwa ife tomwe. Banja likangolowa m'nyumba yatsopano limathamangira kupeza kagalu koopsezera akuba. Pakapita miyezi chakudya chavuta, galu akudya kudzala, waswa ana asanu ndi mmodzi, ndipo anawo tikukawasiya kumsika usiku. Galu yemweyo ndiye amakumana ndi mwana wanu popita kusukulu.

Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro, mankhwala palibe. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Osayamba mwadikira kuti muone ngati galuyo apenge, osathamangira kwa asing'anga. Ndipo chonde, mwana akanena kuti galu wamuluma musamukalipire. Ambiri amabisa poopa ndodo, pomwe bala laling'ono lomwelo ndi lokwanira.

Galu wanu abayidwe katemera chaka ndi chaka kwa alangizi a ziweto. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa, matendawa amasiya kufala, ndipo bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya agalu mwaulere mu Blantyre mu 2015.

Pobwerera tidamupeza galu uja atagona pansi pa benchi. Titafika kunyumba mayi adatulutsa khadi la Bruno wathu mu kabati. Lidatha ntchito zaka ziwiri zapitazo, eni akefe osadziwa. Lolemba m'mawa ndidamumanga chingwe, ulendo kwa alangizi.