Mphindi 11 za pa Killarney

Ndiloleni ndifotokozeko zomwe ndinaona pa tchuthi cha Ogasiti nditapita kukacheza kwa achimwene anga ku Cape Town. Za m'njira sindinenapo zambiri. Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Joni akudziwa kuti ukadutsa pa Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge miyendo imakhala itatupa, ndipo ukafika ku Johannesburg amakuuza kuti kwatsalanso makilomita pafupifupi 1,400.

Achimwenewo amakhala ku Dunoon, dera la nyumba zothithikana, zambiri za malata okhaokha, kumpoto kwa mzindawo. Anasiyira sukulu Fomu 2 bambo athu atamwalira, ndipo sipanala yawo ndiyo inandiphunzitsa mpaka kukatenga dipuloma ku Domasi. Koma kumudzi munthu akatifunsa za ntchito yawo timangoti amagwira maganyu a galimoto. Ponyamuka, mayi anandituma kuti ndikaone ndi maso anga chimene mwana wawo amachita kumeneko.

Lachisanu m'mawa ananditenga wapansi. Titangoyenda pang'ono mumsewu wa Potsdam ndinayamba kumva phokoso ngati la njuchi zimene mwana wagenda. Kumeneko ndiye ku Killarney, bwalo la mipikisano ya galimoto ndi njinga zamoto limene limayendetsedwa ndi kalabu ya Western Province Motor Club. Anthu anayamba kuthamangitsirapo galimoto mu 1947 pa msewu wakale wopita ku Malmesbury umene unali utasiyidwa. Lero ndi msewu watala wozungulira, wotalika makilomita 3.267, wopanda dzenje ngakhale limodzi, ndipo sumapita kulikonse. Mu Disembala 1960 katswiri wa ku Britain, Stirling Moss, anapambana pamenepo mpikisano wa Cape Grand Prix pa galimoto ya Porsche. Kukakhala kopanda mitambo phiri la Table Mountain limaonekera bwino chakum'mwera.

Ndisabise, ndinalowa pachipata ndili ndi mawu kale mumtima. Kwathu ambulansi imatha kukhala pabwalo chifukwa chosowa dizilo, ndiye kuno anthu akuwotcha petulo pongozungulira malo amodzi ngati mbuzi yapachingwe? Ndinati awa ndi masewero a anthu okhuta. Maganizo amenewo sanandichokeretu, koma si zokhazo zimene ndinabwera nazo.

Bambo amene achimwene amawathandiza kumapeto a sabata ndi wa zaka za m'ma 50, wa imvi, ndipo ntchito yake ndi yoika mapaipi a madzi m'nyumba za anthu. Si katswiri wolembedwa ntchito yoyendetsa. Iye ndi anzake onse a m'gulu lake amalipira okha chiphaso cha bungwe la Motorsport South Africa, ndalama yolowera mumpikisano, mafuta, ndi chilichonse chimene chingathyoke. Wopambana amapita kunyumba ndi kachikho. Galimoto yake ndi Birkin, yopangidwa ku South Africa komweko potengera Lotus Seven ya ku England: kagalimoto kopanda denga, ka mipando iwiri, kofupika moti ukakhalamo dzanja limafika pansi. Anandiuza mtengo wa matayala ake anayi, ine n'kuwerengera chamumtima kuti ukuposa malipiro anga a miyezi iwiri.

Lachisanu ndi tsiku loyeserera. Anazungulira kasanu bwinobwino, kachisanu ndi chimodzi anabwerera kumalo okonzera galimoto pang'onopang'ono. Atavula chisoti nkhope inali itayera mbee. Anati pothera pa msewu wowongoka wautali, pamene amafika liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola asanakhote pa kona yotchedwa Cape Town, anaponda buleki ndipo phazi linangopitirira mpaka pansi ngati waponda nthochi yakupsa. Anapulumukira kupondaponda kawiri katatu.

Achimwene sanakweze mawu. Anamukumbutsa kuti anamuuza mwezi wathawo kuti mafuta a mabuleki akalamba, iye n'kunena kuti adikire kaye. Bamboyo anapempha kuti angothira ena pamwamba kuti asataye nthawi yoyeserera imene analipira kale. Achimwene anapukuta manja pa kansanza n'kumuyankha m'Chingerezi kuti galimotoyo sitsika pa jeke mpaka mafuta onse atasinthidwa, ndipo ngati akufuna kuitsitsa aitsitse yekha. Ine thukuta kamukamu, poti ndimadziwa kuti lendi ya ku Dunoon ndi ndalama ya feteleza ya mayi mbali ina zimachokera m'thumba la bambo ameneyu. Anangoti zii kwa kanthawi, kenaka anakwera pikapu yake kukagula mafuta atsopano.

Pamenepo mpamene ndinapatsidwa ntchito. "Aphunzitsi, talowani umu," anatero achimwene, amene amandiitana choncho akafuna kundiseka. "Ndikati ponda, uponde katatu. Ndikati gwira, usachotse phazi ngakhale ikulume njuchi."

Nkhani yake ndi iyi. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo akatero amawira msanga. Mabuleki a galimoto ya mpikisano amatentha koopsa chifukwa kona iliyonse liwiro lonse lija limasanduka kutentha. Mafuta akawira mumapangika thovu, ndipo thovu limafinyika pomwe madzimadzi safinyika, choncho mphamvu ya phazi imathera pofinya thovu m'malo mokafika ku matayala. Limeneli ndi lamulo la Pascal, limene ndakhala ndikujambula ndi choko pa bolodi zaka zisanu ndi zinayi m'kalasi lopanda labu, ana akulemba m'makope mwaulemu osaona kanthu. Ndinali ndisanaligwirepo ndi phazi. Ndinkaponda, achimwene n'kumasula kanati kakang'ono kuseri kwa tayala, mafuta akuda ngati tiyi wopanda mkaka n'kumatsikira m'botolo kudzera m'kapaipi. Tinatero matayala onse anayi, kuyambira lakutali. Pomaliza buleki inalimba gwa. Achimwene sanakhulupirire phazi langa, analowamo okha n'kuponda, kenaka anazungulira galimoto yonse akuyesa nati iliyonse kachiwiri.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinkangodzifunsa ngati panalibe pamene ndinabweza phazi nati isanamangidwe.

Loweruka kunacha ndi mvula yowaza. Kwathu Ogasiti ndi fumbi ndi mphepo, koma ku Cape Town mvula imagwa nyengo yozizira. Galimoto iliyonse inayamba yapita kwa oyendera, amene amaona malamba a pampando, chitsulo choteteza mutu galimoto ikagubuduka, chozimitsira moto, chisoti ndi zovala zosagwira moto msanga. Kenaka panali nthawi yopikisana ndi wotchi, yoti adziwe woima kutsogolo poyambira. Wathuyo anakhala wachisanu ndi chiwiri mwa galimoto 12.

Anthu amene anandigwira mtima ndi oimika mbendera. Amavala maovolosi a olenji n'kuima m'makona tsiku lonse, pamvula pomwepo, mongodzipereka. Mbendera yachikasu imatanthauza kuti kutsogolo kuli ngozi ndipo palibe kupitirirana, yabuluu imauza woyendetsa kuti wothamanga kuposa iye ali kumbuyo, yofiira imaimitsa mpikisano wonse. Mayi wina wachikulire amene anali pafupi nafe ankagwedeza yachikasu ndi dzanja limodzi, lina litagwira wailesi yolankhulirana, ndipo amuna olemera a galimoto zodula ankamumvera nthawi yomweyo. Ndinakumbukira madalaivala a minibasi a kwathu mmene amachitira akaona chikwangwani cha 50.

Pofika nthawi ya mpikisano woyamba mvula inali itakata koma tala linali lisanaumitsitse. Ine ndi achimwene tinakaima kumpanda moyang'anana ndi kona ya Cape Town ija. Phokoso la galimoto 12 zikamabwera pamodzi silimveka m'makutu mokha, limagwedeza m'chifuwa. Ndinaona kagalimoto kathu kakutsika msewu wowongokawo ngati mwala wa legeni, ndipo mtima wanga unati nthawi yoponda buleki yadutsa kale. Kenaka mphuno yake inagwada, kanachepetsa liwiro, kanakhota. Ndinapeza kuti ndagwira mkono wa achimwene. Iwo sankayang'ana n'komwe, anali atapendeketsa mutu kumvetsera injini.

Paulendo wachinayi galimoto ina yofiira inaponda ponyowa, inazungulira kawiri n'kukaima kunja kwa tala itayang'ana kumene imachokera. Mbendera zachikasu zinatuluka, woyendetsayo anakweza dzanja kusonyeza kuti ali bwino, anzake anadutsa mondondozana. Wathuyo anamaliza wachisanu ndi chimodzi.

Masana kutauma anathamanga bwino koposa. Ulendo wake wachangu unali mphindi imodzi ndi masekondi 25, ndipo poti uphunzitsi susiyika, ndinawerengera kuseri kwa tikiti: mamita 3,267 kugawa ndi 85, ndi makilomita pafupifupi 138 pa ola, makona onse ali momwemo. Maulendo asanu ndi atatu ndi makilomita 26, ngati kuchoka mu Lilongwe kukafika ku bwalo la ndege ku Lumbadzi. Zonse zinatha m'mphindi 11 ndi masekondi owerengeka. Masabata a kumasula ndi kumanga, ndalama zonse zija, kusagona kwanga, mapeto ake mphindi 11. Kwa maulendo atatu omaliza analimbana ndi mnyamata wina wa galimoto yobiriwira, ndipo anamupitirira pa kona yomwe ija pochedwa dala kuponda buleki, chinthu chimene munthu sangayese ngati akukayikira amene anagwira mabulekiwo. Mbendera ya timabokosi takuda ndi toyera inamupeza ali wachinayi. Kachikho sanalandire.

Atatsika sanapite kwa mkazi wake kapena kwa anzake. Anabwera kwa achimwene n'kuwagwira mapewa onse awiri, manja akunjenjemera, osatha kulankhula. Madzulo anthu omwe ankalimbana aja anasonkhana powotcha nyama, akubwerekana zida ndi kusekana, ndipo awiri anabwera kudzafunsa achimwene ngati angaonenso galimoto zawo. Anawayankha kuti aona kaye nthawi. Kutada tinatuluka pachipata n'kubwerera ku Dunoon wapansi, tikulumpha zithaphwi.

Lamulungu titachoka kutchalitchi tinapita kunyumba kwa bamboyo kukatsuka galimoto ndi kuchotsa matayala. Achimwene analemba m'kabuku kawo kothimbirira ndi girizi tsiku limene mafuta asinthidwa, mpweya wa tayala lililonse, ndi zoti zikonzedwe mpikisano wina usanafike. Zilembo zake ndi zomwe zija za Fomu 2. Pochoka anatola m'mulu wa zitsulo zotha kampope kakale ka mabuleki ndi kapaipi kake, n'kundikulungira m'nyuzipepala.

Mayi atandifunsa ndinawauza kuti mwana wawo ndi amene amanena ngati galimoto ipite kapena isapite. Anafunsa ngati akudya mokwanira. Kampope kaja kali pa tebulo langa mu ofesi ya aphunzitsi, ndipo a Fomu 3 akaona sabata yamawa, ndikapeza botolo la mafuta ake ku boma.