Safunsa Adadya Phula

Mu 1991, ku Uraha kuno ku Karonga, akatswiri adafukula chibwano cha munthu wamakedzana cha zaka zoposa 2 miliyoni. Nkhaniyi idachititsa chidwi mdzukulu wanga, choncho ndidapita naye kunyumba yosungirako zakale kukaonanso mafupa a Malawisaurus. Titabwerako, mlaliki wina adamuuza kuti mafupawo ndi msampha wa Satana. Mwanayo adaleka kufunsa, ndipo mtima udandiwawa.

Chiphunzitso chotere sichithera pa mafupa. Mu 2010 chikuku chidapha ana m'dziko muno, makolo ena akukana katemera m'dzina la chikhulupiriro. Makolo anzanga, pempherani monga mufunira, koma musatseke mwana pakamwa akamafunsa. Akale adati safunsa adadya phula.